Phokoso Si Mphamvu

Anzanga ophunzira, lero tiwerenge za galimoto ndi njinga yamoto. Ndizo zimanyamula mbatata, chimanga ndi nyemba zathu kupita nazo ku msika. Ndizonso zimathamangira ndi wodwala ku chipatala usiku.

M'midzi mwathu muli anyamata amene amadula paipi ya utsi, ija amakaniko amati ekizozi. Ena amaikamo paipi yaikulu. Ena amachotsa sefa wa mpweya. Iwo amati, "Tamverani kubangulako! Tsopano yapeza mphamvu." Koma tsiku lokweza matumba, galimoto ija imalephera chitunda chimene kale inkakwera bwinobwino. Kodi chalakwika n'chiyani? Tiyeni tione.

Mphamvu zili ziwiri

Ng'ombe imakoka ngolo yodzaza, koma ilibe liwiro. Gwape ali ndi liwiro, koma sangakoke ngolo. Injini nayo ili ndi mphamvu yokoka ndi mphamvu ya liwiro.

Mphamvu yokoka ndi imene imapotokola matayala, monga dzanja limapotokolera sipanala pa nati wolimba. Timaifuna ponyamuka ndi katundu, podutsa m'matope ndi pokwera phiri. Nthawi zimenezo injini imazungulira pang'onopang'ono, ka 1,500 kapena ka 2,000 pa mphindi imodzi. Mphamvu ya liwiro, mu galimoto ya petulo, imaoneka injini ikafika ka 5,000 kapena ka 6,000. Ife a kumudzi, ndi misewu yathuyi, timadalira mphamvu yokoka.

Injini imapuma

Injini imapuma ngati munthu. Pisitoni ikatsika, imakoka mpweya ndi petulo. Ikakwera, imazipanikiza. Pulagi ikathetheka, moto umakankhira pisitoni pansi. Ikakweranso, imatulutsa utsi. Injini yogwira ntchito m'magawo anayi amenewa anaipanga Nikolaus Otto wa ku Germany mu 1876.

Kuti lita imodzi ya petulo ipse bwino, pamafunika mpweya pafupifupi malita 9,000. Imeneyo ndi migolo 45 ya malita 200. Mpweya wabwino ukalowa wambiri, ndipo utsi ukatuluka wonse, pisitoni imakankhidwa mwamphamvu. Utsi ukatsalira, umatenga malo a mpweya wabwino, mphamvu n'kuchepa.

Paipi yotulutsa utsi

Taganizani za kudimba. Madzi oyenda mu ngalande yopapatiza amathamanga, nakokolola masamba ndi zinyalala. Madzi omwewo akafika pa malo otambalala amayenda mwaulesi, zinyalala n'kutsalira. Utsi umachitanso chimodzimodzi.

Utsi sutuluka nthawi imodzi. Umatuluka mwa apo ndi apo, ngati munthu akutsokomola. Utsi wothamanga umakoka utsi wina m'mbuyo mwake, monga lole yothamanga imakokera fumbi ndi masamba. Kukoka kumeneku kumatsuka silinda, ndipo kumathandiza mpweya watsopano kulowa.

Injini ikamazungulira pang'onopang'ono, utsi umakhala wochepa. Utsi wochepa mu paipi yaikulu umayenda mwaulesi, sukoka kanthu. Paipi ikadulidwa kukhala yaifupi, kukoka kuja sikufikanso pa nthawi yake. Ndiye chifukwa chake galimoto imabangula koma osakoka. Paipi yaikulu ndi yaifupi imathandiza magalimoto a mpikisano, chifukwa injini zake zimakhalira kuzungulira mothamanga.

Koma tisalakwitse. Sitikunena kuti injini imakonda paipi yotsekeka. Paipi yophwanyika ndi mwala, kapena yodzaza mwaye, imatsamwitsa injini. Chofunika ndi paipi ya muyeso wake: utsi uzithamanga, koma usapanikizike.

Paipi yolowetsa mpweya

Mukamakoleza moto, mumasongola milomo kuti mpweya uthamange. Mukayasamula kukamwa, moto sumva kanthu. Mapaipi olowetsa mpweya mu injini ali chonchonso. Akakhala aatali ndi opapatiza, mpweya umathamanga, ndipo umapitirira kudzikankhira mu silinda mpaka chitseko chake, chimene ndi valavu, chitatsekeka. Silinda imadzaza bwino ngakhale injini ikuyenda pang'onopang'ono. Mapaipi aafupi ndi aakulu amathandiza pa liwiro lokha.

Nanga sefa? Sefa ndi mphuno ya injini. Mukamuchotsa, fumbi la mu msewu limalowa ndi kupala silinda ndi maring'i a pisitoni ngati mchenga wotsukira mphika. Posakhalitsa injini imayamba kudya oilo ndi kufuka utsi wabuluu. Mphamvu yotayika choncho sibwerera popanda kuphwasula injini yonse.

Pali vuto linanso. Njinga zamoto zambiri ndi magalimoto akale ali ndi kabureta, imene imasakaniza petulo ndi mpweya pa muyeso woikidwa ku fakitale. Mukachotsa sefa kapena kudula paipi, muyeso uja umasokonezeka. Kawirikawiri mpweya umachuluka, petulo n'kuchepa. Injini imatentha kwambiri, imaphulitsa m'paipi, ndipo valavu imatha kupsa. Magalimoto atsopano ali ndi kompyuta yokonza muyeso umenewu, koma kompyuta singachotse fumbi.

Malole ambiri a dizilo ali ndi tabo, kachipangizo kozunguzidwa ndi utsi, kokankhira mpweya mu injini. Kwa iwo paipi yokulirapo kuseri kwa tabo siichepetsa mphamvu yokoka. Koma fumbi limaononga tabo msanga, ndipo mtengo wake ndi waukulu.

Mapiri athu

Mzinda wa Tete uli m'munsi, m'mbali mwa Zambezi. Ulónguè, ku Angónia, ili pamwamba, mamita opitirira 1,000. Mpweya wa kumtunda ndi wopepuka. Injini yopanda tabo ikakwera mamita 1,000 imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake. Tsono galimoto yochokera ku Tete ndi feteleza imafika m'mapiri ili yofooka kale. Kodi n'kwanzeru kuichotseranso mphamvu ina podula paipi?

Moyo wa anthu

Paipi anaitalikitsa dala kuti utsi utulukire kutali ndi anthu. Mu utsi muli mpweya wakupha, wosaoneka ndi wopanda fungo. Paipi ikathera pansi pa galimoto, mpweya umenewu umalowa kwa dalaivala ndi kwa okwera. Munthu amamva mutu, chizungulire ndi tulo. Dalaivala akasinza pa chitsetse, tonse tili pa ngozi.

Tichite chiyani?

Tisiye paipi ya utsi pa muyeso wake. Ikabooka, tiwotcherere. Ikaola, tigule ina yofanana nayo. Sefa tizimuona kawirikawiri m'nyengo ya fumbi, ndipo akatha tiikemo watsopano. Pokwera phiri titsitse giya msanga, ndipo tisakweze katundu wopyola muyeso. Sefa ndi wotsika mtengo. Injini ndi yodula kuposa zokolola za chaka chonse.

Tikambirane

1. Kodi mphamvu yokoka timaifuna nthawi ziti?
2. Chifukwa chiyani utsi umayenda mwaulesi mu paipi yaikulu?
3. Mwana wanu akafuna kuchotsa sefa pa njinga yamoto, mudzamuuza chiyani?

Tilembe m'makope mwathu: Injini imapuma. Fumbi limapha injini. Phokoso si mphamvu.