Kodi Munthu Wosauka Akhulupirira Yani?

Wolemba Mtola-nkhani Wathu

Ena mwa inu awerengi munalandirapo mlendo pakhomo, mnyamata kapena mtsikana wonyamula mapepala kapena kamakina ka m'manja, amene atapatsidwa mpando anayamba kufunsa mafunso acilendo. Mlendo wotere sagula ng'ombe, salemba maina a olandira fataleza, ndiponso sabwera ndi uthenga wa cipani ciri conse. Iye afuna kudziwa kuti caka cathaci banja lanu linasowa cakudya kangati, ndi kuti mumkhulupirira motani phungu wanu, wapolisi, woweruza milandu ndi mfumu yanu. Akatha atsazika, ndipo eni nyumba atsala alikufunsana kuti mau ao apita kuti.

Ngati mlendoyo anali wa bungwe la Afrobarometer, mau anu anakalowa m'nchito imene mizu yace ina iri muno m'Zambia. Mmodzi wa anthu atatu amene anayambitsa bungweli ndi Profesa Michael Bratton, katswiri wa maphunziro a ndale amene anaphunzitsa zaka zambiri pa Michigan State University ku America. A Bratton anayamba kufufuza za dziko lathu m'zaka za m'ma 1970, m'boma la Kasama ku Cigawo ca Kumpoto. Nthawi imeneyo lamulo la mu 1971 linali litakhazikitsa makomiti a citukuko m'midzi ndi m'mawadi, ndi colinga cakuti anthu wamba azinena okha zimene afuna. M'buku lao la mu 1980 lochedwa The Local Politics of Rural Development, iwo anaonetsa kuti thandizo locokera ku boma linali kudzera m'manja mwa akulu-akulu a cipani ndi anthu ena odziwika a m'deralo, ndipo mlimi wamng'ono wa kutali ndi mseu analandira zocepa. Makomiti analipo ndithu pa pepala, koma phindu lace silinagawike mofanana.

Ulamuliro wa cipani cimodzi utatha mu 1991, a Bratton anabweranso. Mu 1993, pamodzi ndi a Beatrice Liatto-Katundu a pa University of Zambia, anayendetsa kafukufuku wofunsa nzika za Zambia maganizo ao pa ndale. Mu 1999 anagwirizana ndi a Robert Mattes amene anali ku South Africa ndi a E. Gyimah-Boadi a ku Ghana, napanga Afrobarometer. Ulendo woyamba anafunsa anthu m'maiko 12, kuphatikizapo Zambia, Malawi ndi Zimbabwe, ndipo m'zaka zotsatira maikowo anapitirira 30.

Kawiri-kawiri m'dziko limodzi amafunsa anthu 1,200 kapena 2,400 cabe. Wina angadabwe kuti anthu ocepa cotere angalankhulire bwanji mamiliyoni. Amai akafuna kudziwa ngati mcere wakolera m'ndiwo samwa mphika wonse. Atakasa bwino, nalawa pang'ono. Cacikulu ndi kutakasako. Midzi, nyumba ndi munthu wofunsidwa zisankhidwa mwa maere, amuna ndi akazi m'ciwerengero cofanana, kuti pasakhale kumangofunsa okhala pafupi ndi mseu kapena abale a nyakwawa.

Umphawi aupima ndi zinthu zisanu: kangati pa caka munthu anasowa cakudya cokwanira, madzi abwino, mankhwala, nkhuni kapena makala ophikira, ndi ndalama za m'thumba. Muyeso umenewu ndi wanzeru, pakuti mlimi sadziwa malipiro ace a pa mwezi monga kalaliki wa m'ofesi, koma masiku amene ana ace anagona osadya sawaiwala.

Kusiyana kwa olemera ndi osauka m'dziko muno n'kwakukulu. Kafukufuku wa boma wa kakhalidwe ka mabanja mu 2015 anapeza kuti mwa anthu 100 ali onse a kumidzi, pafupi-fupi 77 anali osauka, pamene m'matauni anali 23. Ku Cigawo ca Kum'mawa anali 70, koma m'Cigawo ca Lusaka 20. Pofika mu 2022 umphawi wa dziko lonse unakwera kucoka pa 54 kufika pa 60 mwa 100. Akatswiri ali ndi muyeso wina wochedwa Gini, umene uyambira pa 0, pamene onse ali ndi cuma cofanana, kulekeza pa 100, pamene munthu mmodzi watenga zonse. Mu 2015 Zambia inali pa 57, ndiye kuti pakati pa maiko osiyana kwambiri pa dziko lapansi.

Nanga zimenezi zikhudzana bwanji ndi cikhulupiriro? M'buku limene a Bratton ndi anzao awiri aja anaturutsa mu 2005, muli mfundo imene akulu a m'midzi angaibvomereze msanga. Anthu ambiri ofunsidwa anati kusintha kwa kayendetsedwe ka cuma, monga kugulitsa makampani a boma ndi kucotsa thandizo pa mitengo ya zinthu, kunapweteka anthu ambiri ndi kupindulitsa owerengeka. Madandaulo ao sanali pa kubvutika kokha ai, koma pa kuona kuti mtolo sunasenzedwe mofanana. Ndipo pa mafunso a mmene maboma agwirira nchito, kucepetsa mpata wa pakati pa olemera ndi osauka kwakhala pakati pa nchito zimene nzika za mu Africa zipatsa maboma ao mamalikisi otsikitsitsa.

Apa m'pofunika kumvetsa bwino. Njala ikagwa m'mudzi monse cifukwa ca cilala, anthu alira koma sadana. Agawana gaga ndi maungu. Mtima uwawa pamene pa depoti munthu wandandalika kuyambira tambala woyamba, ndiye aona matumba alikukwezedwa pa galimoto ya munthu amene sanaime pa mzere. Tsiku limenelo mlimi ataya zinthu ziwiri. Fataleza angathe kumpeza caka ca mawa, koma mau a kalaliki uja, ngakhale adzanene zoona, sadzawamveranso.

Mu 2016 a Bratton ndi a Gyimah-Boadi anasanthula mayankho a m'maiko 36 a mu Africa, otengedwa mu 2014 ndi 2015. Anthu 72 mwa 100 anati akhulupirira atsogoleri a zipembedzo, 61 anati akhulupirira mafumu, koma nthambi za boma zinapeza 54 pozitenga pamodzi. Anapezanso kuti kumene anthu aganiza kuti m'ofesi muli ziphuphu, cikhulupiriro cao pa ofesiyo citsika. Mfumu ndi m'busa sapambana cifukwa cakuti ndi angelo. Milandu ya kugulitsa malo a anthu yamvekapo ndi kwa mafumu omwe. Koma iwo akhala pafupi, afika pa maliro, ndipo wosauka angathe kuwalankhula m'cinenero cace popanda kulipira basi.

Akatswiri ena awiri, a Bo Rothstein a ku Sweden ndi a Eric Uslaner a ku America, analemba mu 2005 kuti zinthuzi zizungulira ngati msampha. Kumene kusiyana kuli kwakukulu anthu sakhulupirirana. Posakhulupirirana ali yense athandiza wace yekha, ndipo ziphuphu zikula. Ziphuphuzo zipatsanso mwai amene ali kale ndi ndalama, motero mpata unka nukula. Iwo anati cimene cithandiza kwambiri ndi nchito zofikira nzika zonse mosasankha, monga sukulu ya ana onse, pakuti pa thandizo la osankhika pamakhala munthu wogwira colembera amene asankha wolowa ndi wotsala.

Cikhulupiriro cikatha, boma ndilo liyamba kubvutika. Munthu wosakhulupirira khoti aweruza yekha mlandu ndi nkhwangwa. Wosakhulupirira a zaumoyo abisa mwana pa tsiku la katemera, ndipo wosakhulupirira khonsolo azemba msonkho wa pa msika. Dziko lino linaona mu 1986 ku Copperbelt ndi mu 1990 ku Lusaka zimene zicitika mtengo wa unga ukakwera pamene anthu aleka kumvera zofotokoza za atsogoleri.

Komabe osauka sanataye masankho. A Bratton anapeza kuti m'maiko ambiri a mu Africa anthu osauka, maka-maka a kumidzi, aponya voti ndi kufika pa misonkhano ya m'mudzi kuposa anzao opeza bwino. Cimene cicepa ndi ca pakati pa masankho. Iwo ndi a Carolyn Logan analemba mu 2006 kuti ambiri aphunzira kusankha atsogoleri, koma sanazolowere kuwafunsa atsogoleriwo za nchito yao. A Zambia asintha cipani colamulira katatu ndi voti, mu 1991, 2011 ndi 2021. Pa masankho a mtsogoleri wa dziko a mu January 2015 anavota anthu 32 okha mwa 100 olembetsa, koma mu 2021 anafika pafupi-fupi 70. Kwa ine ici cionetsa kuti anthu athu sanaleke kusamala za dziko lao. Aturuka pamene aona kuti voti yao ingasinthe kanthu.

Mu 2022 ndalama za citukuko ca m'dera la phungu ali yense, zochedwa CDF, zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo zofuna za anthu ziyenera kudzera m'makomiti a m'mawadi. Dzina la makomitiwa ndi lomwe lija a Bratton analipeza ku Kasama zaka makumi asanu zapitazo, ndipo funso lace silinasinthe: kodi mjigo ukumbidwa kumene kuli ludzu, kapena kumene kuli mbale wa wapampando? Ndi bwino kuti pa msonkhano wa wadi anthu apemphe kuti mndandanda wa nchito zosankhidwa ndi mitengo yace ziwerengedwe poyera.

Ofufuzawo adziwa kuti muyeso wao uli ndi cilema cimodzi. Pa mapeto a mafunso onse amafunsa munthu kuti aganiza kuti wawatuma ndani, ndipo ambiri ndithu amayankha kuti ndi boma, cinkana mlendoyo ananena poyamba kuti sacokera ku boma kapena ku cipani. Munthu woganiza cotero angathe kukometsa yankho lace pa za atsogoleri cifukwa ca mantha kapena ulemu. Dzina la wofunsidwa siliturutsidwa pamodzi ndi mayankho ace, ndipo ali ndi ufulu wokana funso liri lonse limene safuna kuyankha.