Khungu Lotuwa Lifuna Mafuta, Khungu Lofota Lifuna Madzi

M'miyezi ya June ndi July, pamene mphepo ya cisanu iomba m'maboma a Chipata, Katete ndi Lundazi, ana ambiri m'midzi amayenda miyendo ili mbuu, milomo ndi zidendene zitang'ambika. Amai amatenga Vaseline kapena mafuta a nsatsi nawadzoza, ndipo potero salakwa. Koma kuli kuuma kwina kwa khungu kumene mafuta sangacize, ndipo kumeneku kumapha ana.

Khungu lotuwa ndi limene lacepa mafuta ace. Limayabwa ndi kusupuka ngati gaga, koma mwini wace amadya, amasewera ndi kutaya madzi monga mwa masiku onse. Mphepo youma, madzi otentha kwambiri ndi sopo wocapira zobvala ndizo zimaguga mafutawo. Munthu wotere asambe madzi ofunda pang'ono, ndipo adzole atangoturuka m'bafa thupi lisanaumitse, popeza mafuta amatsekera cinyezi m'khungu.

Khungu lofota ndi nkhani yina. Bvuto silili pa khungu ai, koma m'thupi monse mwacepa madzi. Izi zimagwera mlimi wogwira nchito pa dzuwa la October, maka-maka ku cigwa ca Luangwa. Milomo imauma, mutu umawawa, mkodzo umacepa ndi kufiira. Iyeyu afunika mthunzi ndi madzi akumwa kapena thobwa. Kacasu ndiye ayi, cifukwa mowa umacotsa madzi ena m'thupi.

Coopsya kweni-kweni ciri pa mwana wotsegula m'mimba kapena wosanza. A zaumoyo amaphunzitsa njira yapafupi yodziwira. Mai atsine khungu la pamimba pa mwana ndi zala ziwiri, kenaka alitaye. Khungu lotuwa cabe limabwerera nthawi yomweyo. Likabwerera pang'ono-pang'ono ndiye kuti madzi acepa, ndipo likatha masekondi oposa 2 liri ciimire, mwanayo ali pa ngozi. Kwa okalamba ndi ana onyentchera njirayi imanyenga, pakuti khungu lao limacedwa kale kubwerera. Apo ayenera kuona zizindikiro zina, monga maso olowa m'kati ndi kulira kopanda misozi.

Liwombo nalo limalowa. Makolo ambiri akaona cotere amathamangira kumata mankhwala pamutu pa mwana, osadziwa kuti liwombo lalowa cifukwa ca kusowa madzi. Masiku amene amataya pomata ndi omwewo amene mwana afookera.

Mankhwala ace ndi madzi a mcere ndi shuga ochedwa ORS, amene amapezeka ku cipatala. Paketi isungunulidwe m'madzi owiritsa ndi ozizira, muyeso wace monga mwalembedwa pa paketipo. Ngati paketi palibe, mai atenge lita 1 ya madzi owiritsa, athiremo masupuni 6 a tiyi a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya mcere. Mcere ukacuruka umabvulaza mwana. Amwetsedwe pang'ono-pang'ono, ndipo akasanza adikire mphindi 10 ndi kuyambanso. Kuyamwitsa kusalekeke. M'caka ca 2004 mabungwe a WHO ndi UNICEF analangizanso kuti mwana wotsegula m'mimba apatsidwe mapiritsi a zinc kwa masiku 10 kufikira 14.

Mwana akalephera kumwa kapena kuyamwa, akamangosinza, kapena magazi akaoneka m'cimbudzi cace, makolo asadikire kuti kuce. Anyamuke naye kupita ku cipatala, akummwetsa m'njira.