Ndewu za achinyamata: ntchito imene sukulu payokha singaithe



Mwana amakhala m'manja mwathu kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka. Madzulo ali ku madrasa, usiku ali kwa makolo. Ndewu zoopsa, zija zofika potulutsa mpeni kapena chikwanje, sizichitika kawirikawiri m'malo atatuwa. Zimachitika pakati pake: panjira yochokera ku mpira, kudoko pamene mabwato a usipa akocheza ndipo mnyamata wa Fomu 2 wagwira ndalama yakeyake, kapena Maghrib ikatha pomwe aliyense akuganiza kuti mwanayo ali ndi wina. Chamba ndi kachasu zimangothira mafuta pamoto. Mphunzitsi amadziwa theka la nkhani, Shehe amadziwa theka lina, ndipo nthawi zambiri awiriwa amakumana koyamba mwana ali kale kuchipatala.

Zimene zidachitika kwa M'manga ku Balaka mu Novembala 2019 ndi phunziro kwa ife. Mkangano wa hijab pa sukulu ya mpingo wa Anglican udasanduka nkhondo: anthu adavulala, mzikiti, sukulu ndi katundu wa mpingo zidawonongeka. Apolisi adaletsa ndewuyo, koma sakadatha kuthetsa chimene chidaiyambitsa. Chidathetsedwa pokambirana, kudzera ku bungwe la Public Affairs Committee, limene lidakhazikitsidwa mu 1992 ndipo muli Akhristu pamodzi ndi mabungwe athu a Muslim Association of Malawi ndi Quadria. Mu Juni 2021 atsogoleri adasainirana mgwirizano wolola atsikana kuvala hijab yogwirizana ndi yunifolomu. Padapita chaka ndi theka. Kuyanjanitsa anthu, kumene Surat Al-Hujurat imatilamula, sikufulumira.

Kuno ku Nkhotakota Asilamu ndi a Anglican takhala moyandikana kwa zaka zoposa 100, ndipo ana athu amasewera timu imodzi. Mwayi wathu ndi woti sitikuyambira pa chidani, komanso magulu ogwira nawo ntchito alipo kale. Kuli makomiti a chitetezo cha m'mudzi amene amalumikiza mafumu ndi apolisi. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yomva madandaulo a nkhanza, ndipo mwana angathe kuimba ulere pa nambala ya 116. Kunyanja kuli makomiti a Beach Village Committee. Ambiri timawaona ngati oyang'anira maukonde basi, chonsecho ndi iwo amadziwa mwana wa sukulu amene wagona panyanja.

Makolo ena amabisa mwana wovuta poopa kuti akangotchula apolisi ndiye kuti wapita kundende. Mantha amenewa timawamvetsa. Komatu lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limalola kuti mwana wolakwira pa milandu ing'onoing'ono asapite kukhoti, koma apepese, abweze zimene wawononga ndi kulandira uphungu. Njirayi imatheka mlandu usadakule. Munthu akabayidwa, mpata umenewu umachepa kwambiri.

Tisabise, mgwirizano uli ndi mbuna zake. A chitetezo cha m'mudzi akayamba kumenya oganiziridwa, akuphunzitsa ana nkhanza yomweyo imene tikulimbana nayo. Ndipo chinsinsi cha mwana chikatuluka mu komiti n'kukamveka pamsika, mwana wina sadzatiuzanso kanthu.

Pempho lathu kwa a komiti ya mzikiti ndi lakuti kamodzi pa teremu, Swala ya Jumu'ah ikatha, tizikhala pansi ndi nthumwi ya mfumu, wapolisi woona za chitetezo cha m'mudzi, a komiti ya kudoko ndi anzathu a kutchalitchi. Ophunzira awiri, mnyamata ndi mtsikana, akhalepo ndipo ayambe ndiwo kulankhula, chifukwa malo amene anzawo amamenyanirana amawadziwa ndi iwo.