Ayezi wa ku Greenland amamukweza bwanji pa sikelo?

Ku esiteti, tiyi wothyoledwa amangomukoleka pa sikelo, kalaliki n'kulemba makilo. Nanga ayezi wokuta Greenland, amene pakati pake ndi wochindikala makilomita atatu, mungamukoleke pati?

Yankho lili mu phunziro lomwe lija la gravity: chinthu chikakhala cholemera, chimakoka kwambiri. M'chaka cha 2002, bungwe la NASA ndi akatswiri a ku Germany anatumiza masetilaiti awiri otchedwa GRACE, oyenda motsogozana motalikirana makilomita pafupifupi 220. Yotsogola ikamayandikira malo a ayezi wochuluka, imakokedwa n'kuthamangirako, mpata n'kukula. Kenako yam'mbuyo nayo imakokedwa, mpata n'kuchepanso. Zipangizo zawo zinkazindikira kusintha kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi! Mwezi ndi mwezi ankadutsanso pomwepo. Kukoka kukachepa, ndiye kuti ayezi wachoka. Kwa ine, palibe sikelo yochenjera kuposa imeneyi. GRACE inatha ntchito mu 2017, ndipo GRACE-FO inalowa m'malo mu 2018.

Zimene anapeza n'zakuti Greenland imataya matani pafupifupi 270 biliyoni pa chaka, Antarctica pafupifupi 150 biliyoni. Matani 360 biliyoni amakweza nyanja zamchere ndi milimita imodzi. Gawani nokha muone.

Apa ndi pamene ambiri amasokoneza pa mayeso. Ikani ayezi m'kapu ya madzi, chongani pamene madzi alekeza, mudikire asungunuke. Madzi sakwera, pakuti ayezi woyandama anakankha kale madzi olingana ndi kulemera kwake, monga ananenera Archimedes. Woopsa ndi ayezi wokhala pamtunda, monga wa Greenland uja, chifukwa akasungunuka amakathira madzi atsopano m'nyanja.

Mwina mukuti, "Aphunzitsi, ife kuno ku Changata tili pamwamba, nyanjayo itipeza liti?" Zoona, sidzafika ku Thyolo. Koma feteleza ndi mafuta ambiri amatipeza kudzera padoko la Beira, ndipo tiyi wina wa kuno amatulukira komweko. Mzinda wa Beira uli m'chidikha, pafupifupi mulingo umodzi ndi nyanja. Namondwe Idai atauwomba mu Malichi 2019, mzindawu unasakazika ndipo msewu wochokera kumeneko unaduka. Milimita imodzi ikumveka yochepa, koma imaunjikana chaka ndi chaka, ndipo namondwe wotsatira amakankha mafunde ake kuyambira pa nyanja yokwera kale.