Kuseri kwa Nyumba ku Linda: Yambani ndi Njira ya Madzi

Ambiri mwa inu amene mwaphunzira ulimi pasukulu pano simubwerera kumudzi kumene kuli munda wa mahekitala awiri. Mumabwerera kukomboni: ku Kanyama, ku Chawama, ku George, kapena ku Linda, kumwera kwa mzinda wa Lusaka chakufupi ndi Chilanga. Kumeneko munda wanu wonse ndi kampata ka mapazi owerengeka pakati pa khoma la nyumba ndi chimbudzi, ndipo mumakagawana ndi chingwe choyanikapo zovala, mbaula, ndi ana a mabanja atatu. Kampata kameneka kangathe kupatsa banja ndiwo zamasamba miyezi yambiri pachaka, komanso kangathe kulidwalitsa. Kusiyana kwake kwagona pa mmene madzi amayendera pabwalopo. N'chifukwa chake ndikunena kuti khasu liyambe lakonza njira ya madzi, mbewu zibwere pambuyo.

Mbali yaikulu ya Lusaka, makamaka kumwera ndi kumadzulo, inakhala pamwamba pa miyala ya laimu. Ndi mtundu womwewo wa mwala umene unachititsa kuti fakitale ya simenti imangidwe ku Chilanga, ndi umene amayi amaphwanya ndi nyundo m'mbali mwa misewu n'kumagulitsa m'milumilu. Mwala umenewu uli ndi ming'alu ndi mphako, kotero kuti madzi amadutsamo mofulumira osasefedwa monga amasefedwera m'dothi lakuya. Nyengo ya mvula madzi apansi amakwera kufika pafupi ndi pamwamba, nakumana ndi zam'chimbudzi. Kolera ya mu Okutobala 2017 mpaka chapakati pa 2018 inadwalitsa anthu oposa 5,000 mu Lusaka mokha. Ija inayamba mu Okutobala 2023 inaposa pamenepo: odwala oposa 20,000 m'dziko lonse, imfa zoposa 700, bwalo la masewera la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo sukulu sizinatsegulidwe mpaka mu Febuluwale 2024. Si bwalo lililonse la ku Linda limene limasefukira ngati a ku Kanyama, koma kulikonse kumene chimbudzi chokumba chayandikana ndi dimba, funso ndi limodzimodzi.

Ntchito yoyamba siifuna ndalama. Mvula yamphamvu ikamagwa, tulukani ndi ambulera mukaime kuseri kwa nyumba mphindi khumi. Onani kumene madzi a padenga akugwera, kumene akulowera kuchokera kwa aneba, kumene akudikha, ndipo koposa zonse onani ngati akudutsa pa chimbudzi asanafike pamalo amene mukufuna kubzala. Khomani tizikhomo m'malo amenewo. Munthu amene wachita zimenezi amadziwa bwalo lake kuposa wina amene wakhalapo zaka khumi akuthawira m'nyumba mvula ikayamba.

Kenako bwerani ku denga. Masamu ake ndi osavuta: mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, imapereka lita imodzi. Mbali ya denga ya mamita 6 ndi mamita 4 imasonkhanitsa malita 240 pa mvula ya mamilimita 10 chabe, ndiko kuti dilamu ya malita 210 yadzaza n'kusefukira. Lusaka imalandira mvula yokwana pafupifupi mamilimita 800 pachaka chabwino. Madzi onsewo, ngati palibe chowalandira, amakumba maziko a nyumba, amanyowetsa khoma, ndipo amathamangira kumalo otsika, kumene kawirikawiri ndi kuchimbudzi.

Ngalande ya m'mphepete mwa denga mungaipange nokha. Lata lakale lodulidwa mulitali n'kupindidwa limagwira ntchito. Paipi ya pulasitiki ya mamilimita 110 yong'ambidwa pakati imakhalitsa kuposa lata chifukwa siichita dzimbiri. Imangeni ndi waya ku mitengo ya denga, ndipo ipendekeke pang'ono, sentimita imodzi pa mita iliyonse, kulowera kumene kuli dilamu. Dilamuyo ikhale pa mabuloko kuti chigubu chikwane pansi pa mpope wake. Musagule dilamu imene simukudziwa chimene inasungapo: ya mafuta a galimoto kapena ya mankhwala siyeretseka, ngakhale wogulitsa alumbire motani. Pakamwa pake mangani chidutswa cha neti, ndipo pamwamba ikani chivundikiro cholemera, chifukwa madzi osavundikira amaswetsa udzudzu, komanso mwana wamng'ono angathe kugweramo chamutu. Mvula yoyamba ya nyengo ilekeni itsuke fumbi ndi zitosi za mbalame, isalowe m'dilamu. Madzi amenewa ndi a dimba ndi ochapira. Akumwa awiritseni kapena athireni klorini monga mwa malangizo a pabotolo. Ngati denga ndi la asibesitosi, monga nyumba zina zakale, musalidule kapena kuliboola, pakuti fumbi lake limawononga mapapo.

Musayembekezere zoposa zimene dilamu ingachite. Siingakufikitseni mu Okutobala. Malita 210 amatha m'masabata ochepa. Phindu lake ndi kuteteza khoma, kuthirira mvula ikadula, monga inadulira mu 2024 pamene boma linalengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala chafika pa ngozi ya dziko, ndi kuchepetsa maulendo opita kukiyosiki. Chimene ambiri amaiwala ndi madzi osefukira. Akumbireni kanjira kowatsogolera ku ngalande ya pamsewu kapena ku phando la nthochi, kutali ndi chimbudzi. Mukawatsogolera pakhomo la aneba, mwadzigulira mlandu wosatha.

Tsopano dimba. Langizo langa kwa wokhala m'komboni ndi lakuti mbewu zikwezedwe, zisakhale m'dothi la pansi pamene madzi osefukira amadutsa. Repu, tchainizi ndi bonongwe, amene ku Lusaka amatchedwa bondwe, ndi masamba amene amakhudzana ndi madzi aliwonse oyenda pansi. Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi dimba la m'thumba, limene linatchuka kwambiri ku Kibera, komboni yaikulu ya ku Nairobi, kumene malo ndi ochepa kuposa kwathu. Tengani thumba la makilogalamu 50, kapena la 90 ngati mulipeza. Sakanizani magawo awiri a dothi lapamwamba ndi gawo limodzi la manyowa owolerana bwino. Chotsani pansi pa chitini chachikulu kuti chikhale ngati paipi, chiimikeni pakati pa thumba, mudzazemo timiyala, kenako thirani dothi mozungulira. Kokerani chitinicho m'mwamba, mudzazenso timiyala, muthirenso dothi, mpaka thumba litadzaza. Pamapeto mudzakhala ndi mzati wa miyala pakati, ndipo madzi othiridwa pamenepo amafika mpaka pansi m'malo mongonyowetsa pamwamba pokha.

Thirirani thumbalo, mulisiye masiku awiri kapena atatu kuti dothi likhazikike. Kenako boolani m'mbali ndi mpeni, mabowo otalikirana masentimita 15 mpaka 20, osayang'anizana mzere ndi mzere, kuti mbewu yapamwamba isaphimbe yapansi. M'mbali muikemo mbande za repu kapena tchainizi. Pamwamba pakhale anyezi kapena tomato mmodzi womangirira ku kamtengo. Thumba lalikulu limanyamula mbande makumi awiri kapena kuposerapo pamalo amene pansi pakanakwana zinayi. Liimikeni pa mabuloko kapena pa mulu wa miyala, pamalo opeza dzuwa theka la tsiku, ndipo muzilitembenuza sabata iliyonse ngati mbali ina ili kukhoma. Dzuwa limadya thumba. Likatha nyengo imodzi kapena ziwiri, khuthulani dothi, muwonjezere manyowa, muyambenso ndi lina.

Ubwino wina wa thumba ndi wakuti limasamuka. Ambiri m'komboni ndi a lendi, ndipo palibe amene amafuna kumanga bedi la mabuloko pa malo amene angachotsedwepo mwezi wamawa. Komabe, musanakhome ngalande pa denga la mwini, pitani mukakhale pansi ndi bambo kapena mayi eni nyumba, muwafotokozere kuti khoma lawo ndilo likupulumuka. Amene ali pa malo awoawo angamange bedi lokwera masentimita 30 mpaka 40 ndi mabuloko osweka, m'lifupi osaposa mita imodzi kuti dzanja lifike pakati popanda kupondamo. Matayala akale ine sindiwakonda pa ndiwo. Amatentha kwambiri mu Okutobala, ndipo osiyidwa opanda dothi amasunga madzi a udzudzu.

Nyengo yadzuwa, kuyambira Meyi mpaka mvula itabweranso, dimba la m'komboni limakhala ndi moyo chifukwa cha madzi amene agwira kale ntchito m'nyumba. Otsukuluzira mbale, otsukira ndiwo ndi mpunga, ndi otsukuluzira zovala komaliza, onsewa ndi abwino. Amene muli Jik, mafuta ambiri ophikira, kapena ochapira matewera, asafike ku mbewu. Thirani pa mzati wa miyala kapena pa tsinde, osati pa masamba, ndipo musawagoneke kuposa tsiku limodzi chifukwa amayamba kununkha. Kamodzi pa sabata thirani madzi oyera ambiri kuti atsuke mchere wa sopo umene umaunjikana m'dothi.

Manyowa nawonso akwezedwe. Dzenje la kompositi limene tinakuphunzitsani kumunda kuno limasanduka chithaphwi m'komboni. Zungulizani waya wa nkhuku kapena mabuloko pamwamba pa nthaka, muziikamo makoko a ndiwo, masamba ouma ndi fumbi la makala lotsala m'thumba, n'kuvundikira ndi saka. Zotsala za nsima ndi mafupa zimaitana makoswe. Phulusa la pambaula likhale lochepa, pakuti dothi lokhala pa laimu silifuna lambiri. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu ndipo zimanyamula tizilombo, choncho ziyambe zawolera pa mulu miyezi iwiri kapena itatu.

Za chimbudzi, muyezo umene mabungwe a zaumoyo amapereka ndi wakuti chitalikirane ndi chitsime mamita 30, ndipo pansi pa dzenje pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi apansi. Pa bwalo la m'komboni mamita 30 palibe. N'chifukwa chake boma linakwirira zitsime zosaya m'makomboni ena pa nthawi ya kolera, ndipo inu musakumbe china poganiza kuti ndi cha dimba chabe, ana adzamwako. Zimene mungachite ndi manja anu ndi izi: unjikani dothi mozungulira chimbudzi kuti madzi a mvula azipatuka, tsekani ming'alu ya pansi ndi simenti, pangani chivundikiro cha thabwa chokhala ndi chogwirira, ndipo ikani paipi yotulutsa mpweya yokhala ndi kaneti pamwamba. Nzeru ya paipiyi inachokera kwa Peter Morgan ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970: ntchentche zimatsata kuwala, zimakwera m'paipi, zimakodwa pa kaneti n'kufera momwemo. Dzenje likadzaza, itanani anthu ovomerezeka opopa zimbudzi. Kulitsegulira m'madzi a mvula usiku ndiko kutumiza matenda kwa ana a anzanu.

Pakati pa chimbudzi ndi dimba pakhale posambira m'manja. Chigubu cha malita 5 chibooleni kabowo kamodzi pafupi ndi pakamwa pogwiritsa ntchito msomali wotentha, chipachikeni pa mtengo wopingasa, mumange chingwe kuchokera pakamwa pake kufika pa kamtengo ka pansi. Mukaponda kamtengoko chigubu chimapendekeka, madzi amatuluka pang'onopang'ono, ndipo dzanja lodetsedwa silikhudza kanthu. Sopo apachikidwe pa chingwe pambali, ndipo pansi pakhale timiyala kuti pasachite matope. Chipachikeni motsika ndithu kuti mwana wa zaka zinayi afikire yekha.

Ngalande, dilamu ndi kuunjika dothi pa chimbudzi zichitike pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, nthaka ikadali youma. Repu ndi tchainizi zimakondwa m'nyengo yozizira, choncho mbande zake fesani mu Epulo. M'miyezi ya mvula matumba omwewo adzazeni ndi bonongwe, kholowa amene ena amati kalembula, ndi therere pamwamba, pakuti zimenezi zimapirira kutentha ndi chinyezi kuposa repu.