Ng'ombe zingati pa malo a lendi? Yambani mwawerenga udzu wa mu Okutobala

Ntchito yanga ndi yothandiza alimi kukonza bajeti ya ziweto, ndipo funso limene limandipeza kawirikawiri kuchokera ku Ulongwe, makamaka kwa abale athu amene ali ku Joni, n'lakuti: "Malo a lendi ndawapeza, ndalama ndasonkhanitsa zakutizakuti, ndigule ng'ombe zingati?" Ambiri pofunsapo amakhala atadziyankha kale. Atenga ndalama zonse, agawa ndi mtengo wa ng'ombe imodzi, ndipo nambala yatulukayo ndiyo khola lawo. Masamuwo salakwika, koma ndi a munthu wogula pamsika. Woweta amafuna kudziwa zinthu ziwiri asanafunse mtengo: malowo angadyetse ng'ombe zingati mu Okutobala, ndiponso ndalama yoyamba idzalowa m'thumba chaka chiti.

Malo ambiri anthu amakawaona mu Febuluwale, udzu ukulekeza m'chiuno, ndiye mtima umagwa pomwepo. Balaka, kumene kuli Ulongwe, ndi boma louma, mvula yake ndi yochepa komanso yosadalirika, ndipo kuchokera mu Meyi mpaka msipu watsopano utaphuka pamapita masiku pafupifupi 200. Ng'ombe yachikuda yolemera makilogalamu 250 imadya chakudya chouma chokwana makilogalamu 6 kapena kuposerapo pang'ono patsiku. Pa masiku 200 amenewo ndiye kuti yadya tani imodzi ndi kota. Ng'ombe 20 zikufuna matani 25, ndipo si udzu wonse umene mukuuona umalowa m'mimba: wina umapondedwa, wina chiswe chimadya, wina umapsa ndi moto wa osaka mbewa. Ine pa tchire la kuno ndimayambira pa mahekitala anayi pa ng'ombe yaikulu imodzi, kenaka n'kumatsitsa ngati pali dambo labwino kapena ngati mwagwirizana ndi alimi oyandikana nawo kuti mudzatute mapesi ndi zotsalira za mtedza ndi nandolo. Choncho munthu wa mahekitala 60 ndimamuuza ng'ombe 15, ngakhale thumba lake likukwana 30.

Madzi nawo ali ndi masamu ake. Nthawi yotentha ng'ombe imamwa malita 30 kapena kuposa, ndiye ng'ombe 20 ndi zigubu 30 za malita 20 tsiku lililonse. Mjigo wa mudzi sungapirire zimenezo, ndipo amayi a pamenepo sadzakulolani. Ngati pamalopo palibe madzi okhalitsa, kukumba chitsime n'kumene kumayamba kudya mpamba, ng'ombe isanabwere ngakhale imodzi.

Tsopano za kalendala, pamene ambiri amagwa ulesi ndikawaonetsa. Tiyerekeze kuti mwagula misoti 20 yoti yafika pokwerewa, ndi nkhunzi imodzi, popeza nkhunzi imodzi imakwanira zazikazi mpaka 25. Bere la ng'ombe ndi miyezi 9. Pa ulimi wodyetsa kubusa musayembekeze kuti zonse zibereka chaka chimodzi. Pa bajeti ndimalemba 12 mwa 20. Mwa mathole amenewo amodzi kapena awiri safika poleka kuyamwa. Otsalawo theka ndi aakazi, amene simugulitsa ngati mukufuna khola likule. Amphongo asanu aja, mutawafula, amafuna zaka pafupifupi zitatu kuti wabutchala awayang'ane kawiri. Ndiye kuti ndalama yoyamba yeniyeni ikubwera m'chaka chachinayi, ndipo ndi ya ng'ombe zisanu. Zaka zonsezo lendi ikulipidwa, mbusa akulandira, mankhwala akugulidwa. Anthu amati ng'ombe ndi banki. N'zoona, koma ndi banki imene imafuna kudya m'mawa uliwonse.

Popeza kwacha sikhazikika, bajeti ya zaka zinayi sindiilemba m'makwacha okha. Ndalama yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya mankhwala ophera nkhupakupa, waya ndi mapaipi, zomwe zimachokera kunja, idakwera nthawi yomweyo. Ndimawerengera chilichonse pa mtengo wa ng'ombe: lendi ya chaka ndi ng'ombe zingati, malipiro a abusa ndi ng'ombe zingati, mankhwala ndi madeya ndi ng'ombe zingati. Mukaphatikiza n'kupeza kuti khola likudya ng'ombe zisanu ndi imodzi pachaka pamene likugulitsa zisanu, mwaidziwiratu nkhani yake musanataye khobidi.

Njira yomweyi imaonetsa msanga chifukwa chake ndimakaniza anthu kugula ng'ombe zobereketsa ndi ngongole ya kubanki. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi idakweza chiwongola dzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki pobwereketsa amaikapo chawo pamwamba. Titenge 30 peresenti. Mukakongola ndalama ya ng'ombe 20, chiwongola dzanja chokha ndi mtengo wa ng'ombe zisanu ndi imodzi chaka chilichonse. Pofika chaka chachinayi mwapereka ng'ombe 24, ngongole yeniyeni ili chiimire. Wina anganene kuti mtengo wa ng'ombe nawo umakwera kwacha ikagwa, ndipo sakunama, n'chifukwa chake makolo ankasunga chuma m'khola. Koma banki imafuna ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo mumayamba kugulitsa zazikazi zomwe mudakongolera kuti mubweze. Malo a lendi nawonso si anu, sangakhale chikole chosavuta. Za katapila ndiye tisatchule n'komwe.

Mpamba wanuwanu ndimaugawa motere: wogulira ng'ombe usapitirire magawo asanu ndi limodzi mwa khumi. Wotsalawo ndi wa madzi, khola ndi zolipira za zaka ziwiri zoyambirira, ndipo uikidwe poti mlamu wanu sangaufikire. Pa ng'ombe zogulazo ndimalangiza kuti zina zikhale zofula za zaka ziwiri kapena zitatu, zoti muzinenepetse ndi mapesi, madeya ndi mchere pang'ono n'kuzigulitsa m'miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Izi n'zimene zimalipira mbusa podikira mathole.

Dera lathu lili ndi mwayi wa msika umene maboma ena alibe. Ku Balaka, Machinga ndi Mangochi kuli Asilamu ambiri, ndipo pa Eid ul-Adha ng'ombe zimafunidwa kwambiri. Ng'ombe ya nsembe ya tsikuli, yotchedwa Qurbani, iyenera kukhala ya zaka ziwiri kapena kuposerapo, yopanda chilema, ndipo anthu asanu ndi awiri amatha kusonkherana imodzi. Tsikuli limabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse: mu 2024 lidali pakati pa Juni, mu 2025 kumayambiriro kwa Juni. Pakadali pano likugwa nthawi imene ng'ombe zangochoka pa msipu wa dzinja, zili zonenepa popanda kuwonongerapo zambiri. Amene akusaina lizi ya zaka zingapo atenge kalendala aone pamene Eid idzakhale chaka chilichonse, ndipo agule zofula zake mowerengera kubwerera m'mbuyo kuchokera pa tsikulo. Pogula ndi pogulitsa yesetsani kupima, kaya ndi sikelo kaya ndi tepi yoyezera chifuwa imene alangizi a ziweto amaidziwa. Mavenda amagula ndi maso, ndipo maso awo amaona ng'ombe yanu yaing'ono nthawi zonse.

Matenda ali ndi mzere wakewake pa bajeti. Pa Ulongwe ndi pamene pamapatukira msewu wopita ku Shire, kumene alendo amawolokera kulowa m'Liwonde National Park. Kuchokera mu 2015 pamene African Parks idayamba kuyang'anira pakiyi, mpanda wachepetsa vuto la njovu m'minda, koma kashembe mpanda saudziwa. Malo akayandikira paki, funsani a vetenale za matenda obwera ndi kashembe musanagwirizane mtengo wa lendi, chifukwa mankhwala ake mudzagula chaka ndi chaka. Nkhupakupa zimafuna kupopera sabata iliyonse m'dzinja, ndipo ng'ombe za mtundu wa Brahman kapena zosakaniza, ngakhale zimakula bwino, sizipirira kusasamala monga zachikuda. Palinso matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Akabuka, monga amachitira kawirikawiri ku Chikwawa ndi Nsanje kumene ambiri amakagula ng'ombe, boma limatseka misika ya ziweto ndi kuletsa kuzisamutsa. Ng'ombe zanu zikhoza kukhala zili bwinobwino koma osaloledwa kuzigulitsa kwa miyezi. Musagule popanda kalata ya a vetenale yoyendetsera ziweto, ndipo zatsopano zikhale pazokha milungu ingapo zisanasakanizidwe.

Pepala la lendi ambiri amalisaina ngati la nyumba ya m'tauni. Choyamba dziwani kuti wokubwerekaniyo ali ndi mphamvu yanji pa malowo. Malizi ambiri a maesiteti a ulimi adali a zaka 21, ndipo ambiri adatha osawonjezeredwa. Kafunseni ku unduna wa za malo. Maesiteti ena a ku Machinga, Mangochi ndi Balaka adagulidwa pansi pa pulojekiti ya Kudzigulira Malo, imene idayamba mu 2004 n'kusamutsirako mabanja ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, choncho malo ooneka ngati tchire akhoza kukhala ndi eni ake ambiri. Ngati ndi malo a makolo, malamulo a malo a mu 2016 adakhazikitsa makomiti oona za malo m'midzi. Mawu a munthu mmodzi wa pabanja sakukwanira, ndipo amfumu a m'deralo ayenera kudziwa. Chachiwiri ndi kutalika kwa mgwirizano. Lendi ya zaka zitatu pa ng'ombe zobereketsa imatha musanagulitse thole ndi limodzi lomwe. Pa zimenezi ine sindivomereza yochepera zaka zisanu ndi ziwiri. Yaifupi ndi ya zonenepetsa basi. Palembedwenso kuti chitsime ndi mpanda zidzakhala za yani mukamachoka, ndani winanso amadyetsa pamenepo, ndiponso kuti ng'ombe zikalowa m'munda wa thonje wa mnansi adzalipira ndani.

Kwa inu amene muli ku Johannesburg kapena ku Cape Town, pali mzere wina umene mabuku a ulimi salemba. Kudzagwa maliro, kudzakhala sadaka, mphwanu adzakwatira, ndipo abale adzayang'ana khola lanu. Ikanipo ng'ombe imodzi pachaka ya zimenezi, muwauziretu kuti ndi imodzi. Mbusa akhale munthu wamkulu wolipidwa pa nthawi yake, osati mwana wochotsedwa kusukulu. Ng'ombe iliyonse ikhale ndi chizindikiro ndi tsamba lake m'kope, ndipo munthu wowerenga khola mwezi uliwonse asakhale yemwe akuziweta.

Chotsala ndi chaka cha chilala, chifukwa m'zaka zisanu ndi ziwiri chikhoza kubwera. Mu Malichi 2024, mvula itadula chifukwa cha El Niño, boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chaka chotere madeya amasowa chifukwa anthu akudya okha, mapesi kulibe, ndipo pofika Okutobala aliyense akugulitsa ng'ombe zowonda pa mtengo wolira. Lembani lero, mutu uli wozizira, tsiku lodzayendera malo, mwina kumapeto kwa Epulo, ndi mndandanda wa zoyamba kuchoka udzu ukapezeka wochepa: zofula, zazikazi zokalamba, ndi iliyonse imene yadumpha zaka ziwiri osabereka. Zigulitsidwe mu Meyi zikadali ndi mnofu, ndipo ndalama yake isungidwe yogulira chakudya cha zobereketsa zotsalazo mpaka Disembala.