Kodi Mumadziwa? Theka la Sekondi Limaulula Ngozi ya Mtima

Matenda a Long QT, omwe munthu amatha kutengera kwa makolo, amachititsa kuti mtima uzichedwa kubwezeretsa mphamvu yake yamagetsi ukagunda, ndipo kuchedwaku kumatha kuyambitsa kugunda kosokonekera komwe kumakomola munthu kapena kumupha mwadzidzidzi. Anton Jervell ndi Fred Lange-Nielsen anawafotokoza mu 1957 atapima banja lina la ku Norway, lomwe ena mwa ana ake anali ogontha.

Pofuna kudziwa yemwe ali pachiopsezo chachikulu, madokotala amayeza nthawi yotchedwa QT pogwiritsa ntchito ECG, makina ojambula magetsi a mtima, ndipo nthawiyo ikapitirira theka la sekondi, ngozi imakhala yaikulu, makamaka ngati munthuyo anakomokapo kale. Koma muyeso wokhawo ndi wosakwanira, popeza jini yomwe yalakwika imasonyezanso chimene chingadzutse vutolo, ndipo matendawa amagawidwa m'mitundu malinga ndi jiniyo. Odwala a mtundu woyamba amagwa kawirikawiri akamachita masewera olimbitsa thupi, makamaka kusambira; a mtundu wachiwiri amavutika ndi phokoso lodzidzimutsa ngati la belu la wotchi, ndipo amayi a m'gululi amakhala pangozi miyezi yotsatira kubereka; pomwe a mtundu wachitatu, chodabwitsa n'chakuti, vuto limawapeza ali m'tulo.

Ambiri amatetezedwa ndi mankhwala monga nadolol kapena propranolol, omwe amachepetsa liwiro la mtima. Koma kwinini, yemwe wathandiza anthu ochuluka odwala malungo, amatalikitsa nthawi ya QT, choncho wodwala matendawa ayenera kudziwitsa dokotala asanalandire mankhwala alionse.